Tagawana ku banki m'khonde koma ndalamazo sizikukwanira feteleza, ndiye tiziika kuti?

MayiWaTomato:
Moni nonse pagulu pano. Ine ndimapanga geni ya tomato ndi kabichi pa Lizulu, ndipo ndili mu banki m'khonde ya amayi okhaokha. Chaka chonse takhala tikugula masheya sabata iliyonse, n'kumakongozana pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi. Tagawana mu Disembala, aliyense walandira zoposa zimene anaponya. Koma nditapita kogula feteleza ndapeza kuti ndalama zangazo, ndi phindu lomwe, zikugula matumba ochepa kuposa a chaka chatha, pamene chaka chino ndiye ndinaponya zambiri. Ndinakafunsa ngongole ku banki ina kuti ndigule pampu ya sola, ndizilima ndekha tomato wa m'chilimwe m'malo mokaoda kwa ena. Anandiuza kuti ndibweretse chikole, pepala la malo kapena umboni wa malipiro apamwezi. Dimba ndili nalo, la makolo, koma pepala lilibe. Pa wailesi tikungomva za chuma chokomera aliyense. Inu odziwa zinthu, ndalama ya munthu ngati ine iikidwe kuti, kuti ikule zenizeni?

Kabaza_Area25:
Amayi, bola inu mwagawana. Gulu lathu la anyamata a njinga linathera panjira, ena anabwereka n'kuzimitsa mafoni.

Mphunzitsi_waDedza:
Amayi, ndiloleni ndiyambe ndi masamu, chifukwa ambirife timavina tsiku logawana osafunsa kumene phindulo lachokera. Mukabwereka K100,000 pa 20 peresenti pamwezi n'kukhala nayo miyezi itatu, mwalipira K60,000 yapamwamba. Itakhala chaka chonse ndi K240,000. Banki imene tikuidandaulayi, ngakhale itakulipiritsani 36 peresenti pachaka, pamwezi ndi K3 yokha pa K100 iliyonse. Tikachotsapo katapila, ngongole yodula kwambiri ndi imene timakongozana tokha pakhonde.

China n'chakuti phindu mwagawanalo latuluka m'matumba mwanu momwemo. Analipira ndi amene anabwereka kwambiri, walandira ndi amene ali ndi masheya ambiri. Kawirikawiri wobwerekabwereka ndi wovutika uja, ndipo wa masheya ambiri ndi wopezako bwino. Ndalama yatsopano imalowa m'gulu pokhapokha wobwerekayo akakaipangira geni n'kupindula kwa anthu a kunja kwa gulu. Akabwerekera fizi kapena maliro, gulu langochotsa ndalama kwa uyu n'kupatsa uyo.

Nachisale_77:
Aphunzitsi, inu mumalandira pamwezi, banki imakudziwani ndi dzina. K3 mukunenayo ife atipatsa ndani? Mwana atadwala usiku ndinagogoda kwa amayi a mpando, kutacha ndalama ya thumba la zadzidzidzi inali m'manja. Panalibe fomu, panalibe chikole. Malata ali pa nyumba yangayi anachokera pakhonde pomwepo. Gulu lisanabwere ndalama inkagona pansi pa mphasa, abambo akunyumba akaiona yapita kumowa. Musanyoze chinthu chimene chatichotsa manyazi amayi ambiri.

Mphunzitsi_waDedza:
Sindikunyoza, achemwali, mayi anga ondibereka ali m'gulu lotere ndipo ndimawalimbikitsa. Ndikungoti ndi posungira ndalama ndi pothawira pa vuto. Pampu ya sola imabweza ndalama yake pakapita nyengo zingapo zokolola. Siingagulidwe ndi ngongole yofuna K20 pa K100 mwezi ndi mwezi.

WakaleWaBanki:
Ndinagwirapo ntchito ku dipatimenti ya ngongole, ndiye ndifotokozeko mmene zimaonekera mkatimo, ngakhale sizikusangalatsani.

Banki ili ndi makasitomala awiri patsogolo pake. Woyamba ndi boma, limene limabwereka kudzera m'mapepala a Treasury, a masiku 91, 182 kapena 364. Mu 2024 mapepala a chaka chathunthu ankapereka zoposa 20 peresenti, ndipo banki yaikulu ya Reserve inali itakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti. Boma likabwereka, limatenga mabiliyoni nthawi imodzi, palibe wokwera galimoto kukaona dimba, palibe matalala kapena kapuchi woti awononge mbewu. Wachiwiri ndi amayi athuwa, ofuna mwina K2 miliyoni, opanda mabuku a geni, malo awo opanda pepala, ndipo mtengo wa tomato umatha kugwa ndi theka pa sabata imodzi. Amene wakhala pa mpando wa ngongole amasankha woyambayo. N'chifukwa chake mumamva mabanki akulengeza phindu la mabiliyoni makumimakumi m'zaka zomwezo zimene anthu akulephera kugula sopo.

Tsono gwero lake silili pa kauntala. Boma likamagwiritsa ntchito ndalama zoposa zimene latolera, n'kumatseka mpatawo pobwereka m'dziko momwemuno, wamalonda wamng'ono sangapikisane nalo. Ngakhale ndalama za penshoni, zija abwana amaponya 10 peresenti ndi wantchito 5 peresenti, gawo lalikulu limakathera ku mapepala a boma omwewo ndi ku masheya a makampani ochepa a pa msika wa masheya wa ku Blantyre.

MayiWaTomato:
Zikomo bambo, koma mwandiwawitsa mtima. Ndiye kuti ndalama zimene anthu wamba timasunga kubanki zimakongozedwa kwa boma, ife eniake n'kumabwezedwa pakhomo?

WakaleWaBanki:
Zambiri ndithu, amayi. Ndipo zimene amakupatsani pa buku losungira n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mu 2024 mitengo inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, miyezi ina kuposera pamenepo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Feteleza amagulidwa kunja ndi madola, ndiye kwacha ikagwa kapena madola akasowa, thumba limakwera msangamsanga. Phindu lanu la pakhonde linalipodi, koma mtengo unathamanga kuposa ilo.

Ankolo_akuJoni:
Nkhani ya madolayi musaiyambe, imandipweteka. Tikatumiza marandi kumudzi kudzera njira yovomerezeka, achibale amalandira zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene angapeze kwa osintha a pamsewu. Ndiye anthu ambiri kuno amangopatsira madalaivala kapena kugula katundu n'kutumiza. Boma likudandaula kusowa ndalama zakunja pamene zikudutsa kuseri kwake.

Kabaza_Area25:
Ankolo, tumizani njinga yamoto basi, ndikuyendetserani, tizigawana sabata iliyonse.

Ankolo_akuJoni:
Mphwanga, ndinagulirapo wachibale ina. Mafuta atasowa inkangogona pamzere ku filing'i siteshoni, kenako anandiuza kuti injini yafa. Sindidzabwerezanso ndili kutali chonchi.

Chitsulo_cha_Njanji:
Za mafuta ndiye musanene. Ife a maminibasi tinkagona pamzere usiku wonse, pamene a zigubu akugulitsa poyera pafupi pomwepo pa mtengo wowirikiza. Ndipo apolisi akungodutsa.

Woyang'anira_Gulu:
Abale, nkhani ya mafuta ili ndi malo ake. Amayi afunsa za koika ndalama zawo. Tibwerere kumeneko.

WaMasheya:
Ine yankho langa ndi limodzi: ngati mabanki ndi amene akudya bwino, khalani mwini wake wa banki. Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ulipo, kampani yoyamba kulowapo inali NICO mu 1996. Lero pali National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, Illovo, TNM, Airtel, Press Corporation, Sunbird ndi ena ochepa, onse pamodzi sakufika 20. Airtel italowa mu Febuluwale 2020 sheya imodzi inali K12.69. FDH Bank inalowa mu Ogasiti chaka chomwecho pa K10. Amene anagula nthawi imeneyo n'kusunga aona mtengo ukukwera kangapo, kuphatikizapo magawo a phindu amene kampani imapereka. Mumafunika chiphaso cha unzika, akaunti ya ku banki, ndi kupita kwa stockbroker wovomerezeka, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya. Gulu la amayi likhoza kupatula kagawo n'kugula m'malo mogawana zonse.

Nachisale_77:
Achimwene, munthu akufuna pampu yothiririra tomato, inu mukumuuza akagule pepala ku Blantyre?

WakaleWaBanki:
@WaMasheya, nenaninso mbali inayo. Masheya amatsikanso, ndipo msika wathu ndi waung'ono moti nthawi zina ukafuna kugulitsa wogula sapezeka msanga. Kukwera kwa zaka zapitazi si lonjezo la mawa. Komanso phindu la mabanki likudalira ngongole za boma zomwe zija. Tsiku limene boma lidzalephere kulipira bwino, monga zinachitikira ku Ghana pamene linasintha ngongole zake za m'dziko mu 2022 ndi 2023, eni masheya ndi osunga ndalama adzamva kuwawa. Ndalama ya feteleza wa chaka chino isapite kumeneko.

WaMasheya:
Ndavomera, ikhale ndalama yoti simuifuna kwa zaka zingapo. Koma chimandinyansa n'chakuti anthu a kumudzi sauzidwa n'komwe kuti khomo limeneli lilipo. Amagula mayunitsi tsiku ndi tsiku, amagula shuga, phindu n'kumapita kwa anthu ochepa a m'tauni ndi akunja.

Kabaza_Area25:
Nanga bwanji osangopita ku NEEF, thumba la ngongole la boma lija? Si ndiye anaikhazikitsira anthu ngati ifeyo?

Gogo_waMponela:
Mdzukulu wanga, ine ndaziona zonsezi. Kunabwera MARDEF mu 2005 nthawi ya a Bingu, kenako inasanduka MEDF, mu 2020 n'kukhala NEEF. Maganizo ake ndi abwino, ndipo alipo amene anapindula. Koma nyuzipepala zalemba kambirimbiri za kusabweza kwa ngongole zimenezi. Ngongole ikangolengezedwa pa msonkhano wa ndale, anthu amaiyesa mphatso yothokoza voti. Woyamba akapanda kubweza, thumba limauma, wachiwiri sapeza kanthu. Pakhonde anthu amabweza chifukwa ndalamayo ndi ya mnansi amene mukumane naye pa mjigo mawa m'mawa.

Wophunzira_Zachuma_Zomba:
Ndiwonjezereko zimene zinachitika kunja, chifukwa funso la amayiwa si la Malawi yekha. Njira ya banki m'khonde inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo cholinga chake chinali kusunga ndi kuthandizana pa mavuto, monga akunenera a Nachisale. Ku Bangladesh, Muhammad Yunus ndi Grameen Bank analandira mphotho ya Nobel mu 2006 chifukwa cha tingongole ting'onoting'ono ta amayi osauka, ndipo dziko lonse linakhulupirira kuti mankhwala a umphawi apezeka. Koma mu 2010 ku Andhra Pradesh, ku India, anthu anamira m'ngongole za mabungwe angapo nthawi imodzi, kunamveka malipoti a anthu odzipha, mpaka boma la chigawocho linaika lamulo lokhwima. Mu 2015 kunatuluka kafukufuku wochokera m'maiko asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Ethiopia, Morocco ndi India. Anapeza kuti tingongole timeneti timathandiza ena kukuza geni imene anali nayo kale, koma sitinasinthe kwenikweni mapezedwe a mabanja ambiri.

Ku Kenya, M-Pesa inayamba mu 2007 ndipo inasinthadi zinthu pa kutumiza ndi kusunga ndalama. Kwathu kuno Airtel Money ndi Mpamba zachitanso chimodzimodzi, agogo kumudzi akulandira ndalama osakwera basi. Koma kukhala ndi akaunti pafoni si kukhala ndi mpamba. Malipoti akamati anthu ambiri tsopano afikiridwa ndi ntchito za ndalama, amawerengera ndi munthu amene amangolandira K5,000 n'kukatapa yonse kwa ejenti tsiku lomwelo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, akuti tikhale dziko lolemera mokomera onse ndi lodzidalira, ndipo mzati wake woyamba ndi ulimi wa phindu. Ngati ndi choncho, muyeso wake ukhale wakuti dimba ngati la amayiwa lapeza madzi kapena ayi.

Chitsulo_cha_Njanji:
Mwalemba zambiri achimwene, koma simunawauze amayiwa chochita.

Mlimi_waChikwawa:
Ndiyankhe ine, chifukwa kwathu kuno tili ndi chitsanzo chooneka ndi maso. Ku Phata alimi ang'onoang'ono anaphatikiza minda yawo n'kupanga kopaletivi ya nzimbe cha m'ma 2011. Aliyense munda wake unayezedwa, ndipo gawo lake m'kopaletivi likufanana ndi kukula kwa malo amene anapereka. Anapeza thandizo la European Union loikira mthirira wochokera mu Shire, analemba akatswiri oyendetsa munda, ndipo nzimbe zimagulidwa ndi Illovo ku Nchalo. Pakutha pa nyengo amagawana phindu. Munthu mmodzi wa theka la hekitala palibe banki imene ikanamuyang'ana, koma atakhala pamodzi, ndi wogula wodziwika ndi mabuku olembedwa bwino, mabanki ndi mabungwe anayamba kuwamvera. Mutu umodzi susenza denga.

Amayi, inu muli kale ndi chinthu chovuta kuchipeza, ndicho gulu la anthu okhulupirirana amene asunga ndalama limodzi chaka chonse osabera. Chimene chikukuphani ndi kugawana zonse mu Disembala n'kuyambanso opanda kanthu mu Januwale. Bwanji osagwirizana kuti gawo lina lisagawidwe, ligule pampu ya gulu, muzithirira mosinthana n'kumalipira kangachepe kokonzetsera? Mukalembetsa ngati kopaletivi ku unduna wa zamalonda, mumatha kupempha nawo thandizo ngati la AGCOM, pulojekiti ya boma yotukula ulimi wa malonda, limene gulu limasonkha gawo lake ndipo pulojekiti imawonjezera lalikulu. Alangizi a zaulimi a kwanuko akudziwa njira yake.

Mphunzitsi_waDedza:
Apa ndiye mwalasa, bambo. Pampu imabweretsa ndalama yochokera kunja kwa gulu. Ndiwonjezere kuti atsitse chiwongoladzanja chawo kufika 10 peresenti kapena kucheperapo, ndipo asiye lamulo lija la magulu ena lokakamiza aliyense kubwereka kuti phindu lichuluke. Lamulo limenelo lagulitsitsa anthu mbuzi ndi ziwiya.

Nachisale_77:
Za kukakamiza kubwereka ndikugwirizana nanu, n'zoipa. Koma mukatsitsa chiwongoladzanja amayi a masheya ambiri atuluka, thumba lichepa. Ndaziona kwathu.

Gogo_waMponela:
Bambo a ku Chikwawa, nzimbe zili ndi wogula mmodzi wodziwika, fakitale ili pafupi. Tomato alibe. Ine ndinaona makalabu ambiri a ulimi akufa, osati chifukwa cha kusowa madzi, koma onse anakolola mwezi umodzi, mavenda n'kubwera ndi mtengo wawo. Tomato sadikira, pakapita masiku ochepa wayamba kuwola, ndiye umangogulitsa. Chinanso, katundu wa gulu amafuna malamulo olembedwa. Pampu ikawonongeka ili m'dimba la uje, akonzetse ndani? Wina akafuna kutuluka m'gulu, gawo lake mumubwezera bwanji? Zimenezi zikambidwe pampu isanagulidwe, pamaso pa amfumu.

Mlimi_waChikwawa:
Zoona agogo, ndipo kudalira wogula mmodzi kulinso ndi mavuto ake, mtengo amatchula ndi iye. Madzi osefukira nawonso sationa nkhope kuno ku chigwa, namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anatisiyira mabala. Koma ubwino wa mthirira ndi womwewo, umatha kusankha nthawi yobzala kuti ukolole pamene ena alibe. Asabzale onse sabata imodzi, ndipo asadalire tomato yekha. Anyezi amasungika.

MayiWaTomato:
Ndawerenga zonse, zikomo kwambiri abale anga. Za kusiya gawo osagawana zandigwira mtima, ngakhale ndikudziwa kuti ena m'gulu mwathu akana, chifukwa Disembala ndi nthawi ya feteleza ndi fizi ya Januwale. Mwina tiyambe ndi ochepa amene tili ndi madimba oyandikana mumtsinje umodzi. Funso langa lina kwa bambo a ku banki: kodi pali chimene tingayambe kuchita panopa kuti tsiku lina banki kapena SACCO (kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama) idzatikhulupirire popanda pepala la malo?

WakaleWaBanki:
Chilipo, amayi. Yambani ndi SACCO m'malo mwa banki yaikulu. Ma SACCO ndi a mamembala eniake, ambiri ali pansi pa bungwe lawo lalikulu la MUSCCO limene linayamba mu 1980, ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank. Kumeneko masheya ndi ndalama zimene mwasunga ndizo zimaonetsa kuchuluka kwa ngongole imene mungatenge, ndipo anzanu amatha kukuimirani umboni. Funsani kaye ngati SACCO yake ili ndi chilolezo, chifukwa kuli anthu ena ongotolera ndalama m'dzina limenelo.

Kenako tsegulani akaunti m'dzina la gulu, osayinira akhale atatu. Ndalama za sabata zizilowa kumeneko m'malo mogona m'bokosi, zimenezi zimatetezanso ku akuba ndipo zimasiya mbiri yooneka. Inuyo panokha gulani kope, muzilemba tsiku lililonse zimene mwaoda, zimene mwagulitsa ndi zimene zawola. Wopereka ngongole akaona kope la chaka chathunthu amakhala ndi poyambira. Za malo, lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa munda kudzera m'komiti ya malo ya m'mudzi, koma ntchitoyi sinafike madera onse, ndiye kafunseni ku ofesi ya DC. Ndipo ganizirani kawiri musanapereke dimba la makolo ngati chikole. Mbewu ikakanika chaka chimodzi mukhoza kutaya malo odyetsa banja lonse.

Ankolo_akuJoni:
Gulu lokhala ndi akaunti ndi mabuku chonchi ngakhale ife a kunja tikhoza kuikamo ndalama mtima uli m'malo. Alongo anga ali m'gulu kumudzi, ndiwaimbira madzulo ano ndimve ngati angavomere zoterezi.

Nachisale_77:
Chitani zonsezo, koma thumba la zadzidzidzi musalikhudze ngakhale pampu itatsala pang'ono kukwanira. Ndipo likhale pafupi, pafoni ya gulu kapena kwa msungichuma, osati ku akaunti yofuna anthu atatu akwere minibasi kukasayina pamene wodwala ali pa mphasa.

Kabaza_Area25:
@WakaleWaBanki bwana, za kope zija zimagwiranso kwa ife a njinga? Ndipo SACCO imalandira munthu wosalembedwa ntchito?

WakaleWaBanki:
Zimagwira, achimwene. Lembani ndalama ya tsiku, mafuta ndi zokonzetsa. Ma SACCO ena ndi a ogwira ntchito pamalo amodzi monga aphunzitsi, koma alipo a m'madera amene amalandira aliyense wa geni. Pitani ndi chiphaso chanu mukafunse ndalama yolowera ndi mtengo wa sheya imodzi.